Kukachotsa Ufiti wa pa Foni ku George

Bana Chanda, anzanga ogulitsa nawo tomato pa Kalingalinga, ndiwo anandikakamiza. Ati, "Amake Dalitso, nkhani iyi mwatiuza kasanu, ilembeni makutu athu apumuleko." Ndiye nayi. Mukhululuke malembedwe, sukulu ndinalekera giredi sikisi ku Katete.

Tinanyamuka Loweruka seveni koloko, ine ndi mdzukulu wanga Taonga, nditamugwira padzanja ngati mbuzi yopita kumsika. Taonga ni wamkulu, ali ku koleji, ndipo amalemba nkhani yopeka pa foni, chigawo chigawo, anthu n'kumatumizirana. Mu nkhani yakeyo, mnyamata wowotcherera mageti apezeka atafa ku George, komboni ya konkuno ku Lusaka, mapazi a fisi atazungulira mtembo. Fisiyo akuti ni munthu wosanduka, ndipo womutuma ni mfiti yokalamba, yotsimphina, ya chitseko cha buluu, yogulitsa vitumbuwa pansi pa mtengo wa kotapela.

Manje ku George konse wotsimphina wa chitseko cha buluu alipo mmodzi chabe: akulu anga, ba Esinati. Mwana anangosintha dzina. Anthu analeka kugula vitumbuwa, Lachinayi anaponya miyala padenga, ndipo mwini nyumba anati pofika Lamulungu akhale atachoka.

Basi ya kutauni fifitini kwacha munthu mmodzi. Kondakitala anatiika asanu pampando wa anayi, n'kundiuza, "Mami, pumani pang'ono chabe, tifika manje manje." Ine bondo langa ili linavulala chaka chija ndinagwera mu ngalande, koma iyo ni nkhani ina.

M'tauni tinafika eyiti itapitirira. Pa siteshoni ndinagula chinangwa chootcha ndi nshawa, chakudya cha anthu a mano, ine ndinangochinyambita. Taonga anakana, ati mtima uli m'mwamba. Ndinati, "Polemba unali pansi?"

Basi ya ku George inadikira kudzala mpaka naini. Titangolowa njira ya Matero, abambo ena a tayi anayamba. "Mwamvera ya welda uja? Ine nenze kumudziwa. Ndiye ananipangira geti."

Taonga anati, "Ba ankolo, munthu uyo kulibe. Ni nkhani yopanga."

"Iwe mwana, unaliko? Mlamu wanga anadya pamaliro pake!"

Mayi wina wonyamula nkhuku anawonjezera kuti fisiyo anamuona pamsika masana, atavala jombo. Ndinamutsina Taonga pantchafu. "Wamva? Munthu wako amene sanabadwe ali kale ndi geti, maliro ndi mlamu."

Teni koloko tinatsika, n'kuyenda wapansi kudutsa madzi a sopo aja osauma ngakhale m'chilimwe. Ba Esinati tinawapeza atadzitsekera, beseni la vitumbuwa lili lodzala, lovundikiridwa ndi chitenge. Anayang'ana Taonga nthawi yaitali. Ati, "Ndinakusambitsa ndi manja awa. Mu Lusaka monse unasowa mfiti ina?" Mwana analira. Ndinamusiya alire, madzi aja ni aulere.

Ndinamutengera pa pompi pomwe amayi amatunga madzi, kuti aulule pamaso pa anthu. Anaulula bwino ndithu, foni ili m'mwamba: ndine ndinalemba, palibe anafa, ambuya awa sadziwa kanthu. Mayi wina wa duku lofiira anaomba m'manja. "Mwaona? Bamudyetsa kale mwana kuti akane!"

Apo mnyamata wina anali atatola kale chiduswa cha buloko. Koma mnzake anamugwira mkono, n'kufunsa Taonga, "Sisi, ngati ndiwe, tiuze chabe. Anapaya welda ni ndani?"

Pa pompi ndowa kusefukira, palibe wotseka madzi. Wa buloko uja kukamwa yasa. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti anthu awa choonadi sachifuna, afuna chigawo chotsatira.

Tinabwerera m'nyumba. Ndinati, "Khala apo, lemba vimene ndikuuze. Nkhalamba ya chitseko cha buluu si mfiti, anainamizira. Ndiyo imatchinjiriza komboni. Fisi samvana nalo fungo la vitumbuwa vake, wadyako chimodzi amamulambalala."

"Ambuya, ilo ni bodza."

"Nanga loyamba lija linali Uthenga wa Luka? Lemba. Ndipo fisi wakoyo usamupatse nyumba, usamupatse chitseko, asatsimphine, asakhale ndi ndevu. Anabwera pa basi, wabwerera pa basi. Ukamuveka chipewa, mawa aponya miyala munthu wa chipewa."

Anatumiza thwelofu koloko. Tinakhala pansi kumvetsera padenga. Wani koloko kunamveka kugogoda. Anali mayi wa duku lofiira uja. "Ba mbuya, vilipo? Ine nenze kukamba kuti aba bamai ni ba pemphero." Pofika thu koloko beseni linali mbee. Mwini nyumba anagula khumi, ati n'va ana, ndipo ya Lamulungu sanaitchulenso. Ba Esinati sanaseke ngakhale kamodzi. Anangouza Taonga kuti makwerero ali kuseri, miyala ikadali padenga.

Pobwera, mu basi ya folo koloko, abambo ena anali kulumbira kuti fisiyo anakhala naye mpando umodzi mpaka ku Kafue. Taonga anatsegula pakamwa, ndinamutsinanso.

Ndinapita ndi choonadi, chinatsala pang'ono kuphetsa akulu anga. Chinawasungira nyumba ni bodza lachiwiri. Lamulungu ndinalapa, koma pang'ono chabe. Manje inu amene mwawerenga, tumizirani anzanu iyi. Ya fisi munaifikitsa ku George tsiku limodzi, tione ngati yoonayi ifika ngakhale ku Mtendere, komboni yoyandikana nafeyi.