Lolemba Lopanda Nyama Kunyumba kwa Yohane

Ine sindikhulupirira munthu. Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kale. Wogulitsa nyama ndimamuyang'ana chala pa sikelo, kondakitala wa kombi ndimamuyang'ana m'manja, ndipo abusa akati titsinzine tipemphere, diso langa limodzi limatsala pa chikwama.

Ndiye Lolemba lina mpongozi wanga, amake Tendai, anandiikira mbale ya khobwe ndi repu, n'kunena m'Chishona chawo kuti, "Nhasi hakuna nyama, amai." Lero kulibe nyama. Ine sindinafunse kanthu. Ndinadya, ndinathokoza, ndinayamba kufufuza.

Poyamba ndinati mwina ndi magetsi, paja kuno ku Chiwaridzo amazima mmene afunira, ndipo nyama ikhoza kuonongeka mufiriji. Koma Lolemba lotsatira kunabwera nyemba. Linalo kunabwera nkhwani. Lachiwiri nyama ilipo, Lachitatu ilipo, Lamlungu nkhuku, koma Lolemba ayi. Kodi magetsi amadziwa masiku?

Achinyamata mudzaseka, mudzati agogowa akuvutika ndi mbale ya khobwe. Imani kaye ndikuuzeni kumene tachokera.

Mwana wanga Yohane amagwira ntchito pansi mumgodi, monga ankachitira malemu bambo ake, monganso agogo ake amene anachoka ku Malawi wapansi kudzafuna ntchito kuno. Ine ndinakulira mukomboni ya mgodi. Kumeneko nyama inkabwera ndi phoso, chakudya chimene kampani inkagawira antchito. Tsiku la phoso komboni yonse inkanunkhira, ndipo khomo limene silikununkhira aliyense ankadziwa nkhani yake osauzidwa: bambo wa pamenepo amuchotsa ntchito. Kapitawo wina ankakonda kukuwa m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, kuti, "Aziko sebenza, aziko nyama!" Wopanda ntchito alibe nyama. Amayi ena ankafika pokazinga anyezi ndi kachidutswa ka mafuta a ng'ombe kongopempha, kuti fungo lituluke pawindo, anzawo asadziwe.

Ife tinakula choncho. Mphuno zathu zinaphunzira kuwerenga tisanapite kusukulu. Ndiye munthu wotere ukamuikira khobwe m'nyumba ya mwana wake wa mumgodi, saona khobwe ayi. Amaona katundu ali panja.

Ndinaganiza zitatu. Mwina ntchito yatha. Mwina Yohane ali ndi kanyumba kena ka mkazi wachibisira komwe nyama ya Lolemba ikupita, paja amuna a masiku ano ali ndi mitima yambiri. Kapena mpongozi walowa mpingo wa zovala zoyera, uja amapemphera kutchire, ndipo mneneri wamuletsa.

Ndinayang'ana magambutsi a Yohane: matope ake anali atsopano, a pansi penipeni. Ntchito ilipo. Ndinayang'ana pachingwe choyanikira: panalibe chovala choyera. Ndinadikira mpongozi apite kumsika, ndinatsegula firiji. Nyama ili tho, yozizira bwinobwino, yokwanira. Apa ndiye ndinasokonezeka zenizeni. Kusowa nyama ndimakudziwa, ndakhala nako. Koma kukhala nayo n'kuisiya dala? Zimenezo sindinazionepo chibadwire.

Yankho ndinalipeza kumpopi, kuseri kwa nyumba. M'mawa wina ndinaona Yohane ataweramira kumeneko, akuponya kanthu m'kamwa n'kumwera madzi a m'manja.

"Iwe Yohane, ukumeza chiyani chobisalira kuno?"

"Ka mutu chabe, amayi."

"Dzulo ndinakuona, dzana ndinakuona. Mutu umenewu uli ndi wotchi?"

Anaseka kuseka kopanda mano, kuja amachita akagwidwa. Kenako anakhala pa ndowa n'kundiuza. Kumgodi amawapima m'thupi chaka chilichonse, ndipo ulendo uno anamupeza ndi BP yokwera kwambiri. Anamupatsa mapiritsi, n'kumuuza tsiku lobwereranso.

"Akapeza kuti sinatsike, pansi sindilowanso. Ndipo pamwamba, amayi, malo kulibe. Anthu ali pamzere."

"Nanga bwanji osandiuza ine amene ndinakubereka?"

Amene anayankha ndi amake Tendai, ali pakhomo ndi tsache. Chichewa chawo n'chopindika koma chimamveka. "Timaopa kuti yanunso ikwera, amai."

"Yanga yakwera kale ndi khobwe wosalongosoledwa!"

Mwaona? Kukayikira kwanga sikunapite pachabe. Chobisika chinalipo ndithu, kungoti chinali m'magazi a mwana wanga, osati m'thumba mwake.

Koma funso linatsala. Lolemba lija likugwirizana bwanji ndi BP? Mpongozi anati anesi a kumgodi ndiwo analangiza. Ine zouzidwa ndi wouzidwa sindimeza. Ndinavala nsalu yanga, ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono cha kuno, ngati ndikukapimitsa yanga, n'kufunsa anesi ena amene sakumudziwa Yohane, kuti ndione ngati mabodza awo angafanane.

Anali mayi wachitsikana, mdzukulu wa anthu akwathu a kumafamu a ku Mazowe, womva Chichewa koma woyankha mosakaniza. Ndinati, "Mwanawe, munthu akasiya nyama tsiku limodzi pa sabata, BP imatha?"

"Ayi, gogo. Tsiku limodzi silichiritsa munthu. Mapiritsi amwe, mchere achepetse, mowa achepetse. Koma mukamuuza mwamuna kuti siya nyama, amakusiyani inuyo. Mukati Lolemba lokha, amavomera."

Anandilongosolera kuti vuto si nyama yokha, komanso zimene imabwera nazo: mafuta ake, mchere umene timathira powotcha, soseji ndi poloni zimene zimabwera zili kale ndi mchere wambiri, ndi mowa umene umaperekeza. Tsiku limene nyama palibe, malo ake amatenga nyemba ndi masamba, zimene zimakhutitsa osalemetsa mtima ndipo zimayendetsa bwino m'mimba. Anatinso munthu akazolowera tsiku limodzi, lilime limasintha, masiku enawo amayamba yekha kuchepetsa.

Ndinamvetsera, koma maso anga anali pa kabokosi kake ka chakudya pawindo. Munali ntchafu ya nkhuku.

"Nanga iyo?"

"Lero ndi Lachinayi, gogo."

Ndinamusiya. Koma ndidzapitakonso Lolemba lina mosamuuza.

Pobwerera mukombi, chimene chinkandivuta ndi mphamvu. Munthu wogwira chibowolero pansi pa nthaka, thukuta lili kamukamu, angalimbe ndi khobwe? Ndiye ndinayamba kukumbukira bwinobwino komboni ija, osati fungo lokha koma mbale zenizeni. Kodi nyama ya phoso tinkadya kangati? Tsiku la phoso, ndi msuzi wake mawa lake ngati watsala. Basi. Masiku ena onse zinali nyemba, nyemba, nyemba, ndi masamba a m'kadimba kuseri kwa nyumba. Amuna amene anakumba maenje onse mukuwaonawa, ndi manja, opanda makina a lero, anakumba ndi nyemba m'mimba.

Sindikunena kuti inali nthawi yabwino. Inali ya njala ndi chipongwe, ndipo ambiri anafa ndi chifuwa cha fumbi. Aliyense wokuuzani kuti kale zonse zinali bwino, muyang'aneni kawiri. Koma taonani mmene zatembenukira. Kale tinkadikira tsiku limodzi la nyama. Lero tikukangana chifukwa cha tsiku limodzi lopanda nyama. Zinasintha liti, ife tili pomwepa?

Ndikuganiza kuti tinalumbira osadziwa. Tinati ana athu sadzadya zimene tinadya ife, ndipo tinakwaniritsa. Tapitani kumashopu madzulo shifiti ikatuluka. Utsi uli tolotolo, amuna azungulira gango, chiwaya chija amakazingira nyama zamitundumitundu pamodzi, mchere akuwaza ngati feteleza, mazondo, ziboda za ng'ombe zija, akuwira pambali, botolo lili m'manja. Amakorokoza, aja okumba golide paokha, akapeza kanthu, choyamba ndi nyama, kuti aliyense aone. Pamaliro anthu amabwerako akudandaula kuti kunali kabichi yekha, ngati anapitira kudya. Mlendo ukamuphikira masamba umayamba ndi kupepesa. Timapepesa chiyani? Tinamulakwira chiyani?

Ndipo masambawo tawaiwala mayina. Funsani mwana wa sekondale kuti bonongwe ndi chiyani, luni ndi chiyani, chisoso ndi chiyani. Amazipalira ngati udzu. Mfutso, masamba aja tinkafutsa n'kuyanika kuti tidzadye m'chilimwe, amauona ngati fodya.

Mnzanga anaBanda, amene tinakulira limodzi mukomboni, nditawauza nkhaniyi anandifunsa funso limene mpaka pano sindinaliyankhe. "Nanga matemba? Nanga mbewa? Nanga ngumbi? Imeneyonso ndi nyama?" Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Iwo akuti chilichonse chokhala ndi maso ndi nyama. Ine ndikuti ngumbi ndi ngumbi. Wodziwa atithandize, koma abwere ndi umboni.

Tsopano Lolemba la sabata ino ndinalowa m'khitchini. M'nyumba ya mpongozi sindilowerera za mphika, ndi mwambo, ndipo wandisunga pa mtendere zaka zonsezi. Koma ndinali nditaona kanthu. Khobwe wa amake Tendai ankasambira m'mafuta, ndipo pofuna kuti akome ngati nyama ankaponyamo timibulu tija tokometsera ta m'sitolo, timene ndi mchere wokhawokha. Kuchotsa nyama n'kuikamo zimenezo, wathandiza ndani?

"Amake Tendai, mundibwereke mphika lero."

Anandiyang'ana monga mmene ndimayang'anira ine anthu. Kenako anasuntha.

Ndinaphika chipere, monga ankaphikira amayi anga: nyemba zoviika, zochotsa makoko, zowiritsa mpaka kufewa, n'kuzipota ndi mthiko. Tomato, kanyezi, mchere wongotsina. Pambali nkhwani wotendera ndi nsinjiro zosinja ndekha. Mpongozi anaima pafupi, manja m'chiuno, kenako anafuula, "Ko, iyi ndi rupiza!" Akuti kwawonso agogo awo ankaphika chofanana nacho, koma iwo amayamba akazinga khobwe n'kumupera, ndipo m'malo mwa nsinjiro amathira dovi, chimene ife timati chiponde. Tinatsutsana kuti chokoma n'chiti. Ndikuuzeni zoona, chikwatiwire mayiyu pakhomo pano sitinayankhulepo nthawi yaitali choncho popanda maliro kapena matenda a mwana.

Yohane anadya zonse. Atamaliza anapukuta mbale ndi chala.

"Ichi ndinadya komaliza bambo ali moyo."

Ndinaimirira. Ndinapita kukayang'ana nkhuku.

Za thupi langa ndinganene izi, ndipo ndikunena monyinyirika: Lachiwiri ndimadzuka wopepuka, ndipo ulendo wa kuseri sukhala wa nkhondo. Achikulire anzanga mwandimva. Kaya ndi nyemba, kaya ndi maganizo chabe, ndikufufuzabe.

Lachisanu ndilo linali tsiku lopimidwanso. Kumgodi munthu akalephera, chipewa cholimba chija ndi magambutsi amabweza kusitolo ya kampani tsiku lomwelo, amabwera kunyumba manja ali lende. Ine ndinakhala pageti kuyambira masana, ndikunamizira kusankha mtedza. Kombi iliyonse ikaima, ndinkadzutsa mutu. Amake Tendai anasesa pabwalo posesa kale.

Yohane anatsika dzuwa litapendeka. Sindinayang'ane nkhope yake, nkhope imanama. Ndinayang'ana m'manja. Chipewa chinali m'khwapa.

"BP yatsika, amayi. Sinafike pamene akufuna, koma andilola. Ati ndipitirize mapiritsi, adzandionanso."

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti chipere changa ndicho chapulumutsa ntchito. Mapiritsi anagwira, mchere unachepa, ndipo kugango anali atasiya kupitako chifukwa cha mantha. Lolemba linali kagawo chabe. Koma ndi kagawo kamene kanali m'manja mwathu, ife a kunyumba.

Asanakhale n'komwe pansi, mwana wanga anatambasula manja ngati wagoletsa chigoli.

"Basi, zatha! Za Lolemba zija tisiye tsopano. Mawa ndikugula mazondo, tidye mpaka sabata yamawa."

Amake Tendai anatsamiritsa tsache pakhoma. Anatembenuka n'kuyang'ana ine.

"Iwe Yohane," ndinatero, "ati adzakuonanso, kapena ati tsalani bwino?"

Anatsitsa manja aja.

"Mazondo ugule, tidya mawa, mwendo umodzi aliyense. Lolemba ndi langa ndi amake Tendai. Ukafuna nyama tsiku limenelo, ukapemphe kwa dokotala wako."

Ndiye ndikufunseni inu amayi anzanga a ku Chiwaridzo, a m'makomboni ndi a kumafamu. Wanga anagwidwa chifukwa kumgodi amapima mokakamiza. Nanga wanu uja woyendetsa kombi, wanu wokumba golide kumtsinje, wanu wogulitsa pamsika, amene amadya zomwezo ndipo palibe womukakamiza, adzamupima ndani, ndipo adzakhala ataimirira kapena atagona?