Dokotala Amene Anandibwezera Mchere

Miyezi isanu ndi iwiri ndinkaphika ndiwo osathira mchere ndi dzanja langa. Ndiwo zikapsa ndinkaitana apongozi, iwo n'kubwera ndi kasupuni kawo, nkhope ili ndwii ngati ndawabera mbuzi.

Tinali ku Katuli nthawi imeneyo, amuna anga akuphunzitsa papulayimale. Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, atangoyamba kukwawa anatupa manja ndi mapazi. Ankalira osagwirika, maso achikasu, zikhatho zili mbee. Woyamba uja anatisiya ndi matenda omwewo. Apongozi atamva anakwera basi kuchokera ku Ntcheu, khadi la chipani atamangira pampango, n'kufika mlandu ataugamula kale: ndi mdulo. Kwathu amati mayi akayenda njira zachigololo n'kuthira mchere m'ndiwo, amadula mwana, mwanayo n'kutupa. Dzina loipalo sananditchule, koma anandilanda mchere, nanena kuti uyu akatsatira mkulu wake, ukwati wathera pomwepo.

Amuna anga, munthu wolankhula Chingerezi ngati wailesi, anangoti zii. Mpaka lero ndikawakumbutsa amayamba kufunafuna magalasi.

Zinandiwawa, ndisaname. Tsiku lina ndinabereka mwana n'kukwera lole ya chimanga mpaka ku boma. Wothandiza adokotala amene anatiwona anayang'ana timanja tija, natulutsa m'dirowa mapepala othimbirira, opindika m'makona. Anati anawalemba dokotala wina Mmalawi wofufuza matenda a magazi, amene anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kupima ana otupa chonchi, ndipo tsopano zolemba zakezo ankaphunzitsira achipatala. "Mwini wake abwera mwezi wamawa," anatero. "Mudzabwere ndi bambo ake. Ngati alipo wina wovuta pakhomo, naye musamusiye."

Sindinawasiye.

Dokotalayo anali wamfupi, wa nsapato zafumbi, osati chimene ndinkayembekezera. Anatibaya chala ine, amuna anga ndi mwana, nadontheza mankhwala pamagazi, n'kutiuza tidikire pakhonde. Kenako anatiitana mmodzimmodzi kuti tisuzumire m'makina okulitsa zinthu. Timbewu ta magazi, m'malo mokhala tozungulira, tinali titapindika ngati chikwakwa. Ta mwana, tanga, ta amuna anga omwe.

"Matendawa mwana amatengera mbali zonse ziwiri," anatero, akuyang'ana apongozi. "Makolo amayenda nawo m'magazi osadwala, osadziwa. Palibe anachimwa apa, agogo, ndipo mchere ulibe mlandu."

"Kumtundu kwathu kulibe zimenezo," apongozi anayankha.

"Ndibwerekeni chala chanu."

Anakana kaye, ati amenewa ndi anamapopa. Dokotala anangoseka, nati dontho limodzi ngakhale udzudzu umaba loposa pamenepo. Apongozi anapereka chala. Titadikiranso, anasuzumira, diso limodzi atatsinzina, ndipo anakhalitsa pamenepo. Ine n'kuti mawu nditawanola kale oti ndiwalase nawo. Ndinali nditawasunga miyezi yonse ija.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala pabenchi. "Nanga ana anga awiri aja," anatero motsitsa, "anatupa chonchi. Anandilanda mchere chaka chathunthu, ine ndisanalakwe kanthu."

Mawu anga aja ndinawataya pomwepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti amuna anga anali ndi akulu awo.

Dokotala sanatinamize kuti matendawa amatha. Anatipatsa mapilisi oteteza malungo akumwa sabata iliyonse ndi ena owonjezera magazi, natilangiza kuti mwana azimwa madzi ambiri, tizimufunditsa m'nyengo yozizira, ndipo akangotentha thupi tizithamanga naye. Tinathamangadi kambirimbiri, msewu wa ku Katuli uli momwe unaliri. Koma anakula. Lero ndi mayi wa ana atatu, ndipo pakamwa anatengera ine. Dokotala uja sindinamuonenso, koma kulikonse kumene tinasamukira, achipatala akangoona khadi la mwanayo ankadziwa chochita, ena n'kutchula mapepala aja.

Titabwerako ku boma tsiku lija ndinaphika usipa. Utapsa ndinaitana mwachizolowezi: "Amayi, mchere." Anabwera ndi chibotolo chonse, pamaso pa mwana wawo ndi akazi a aphunzitsi anzathu amene ankadziwa nkhani yonse, nandigwiritsa ndi manja awiri.

"Thirani nokha, apongozi."

Ndinathira mpaka ndiwo zinawawa. Tinadya choncho, ndipo palibe anadandaula.