Chithunzi Chimene Chinachotsa Asiyatu Pasukulu

Ndikukumbukira chithunzi chakale chimene chinali pakhoma m'kalasi mwathu, pasukulu ina yampingo m'chigwa cha Domasi, dziko litangolandira ufulu. Ankati anachijambula ndi penti mzungu wina wamkazi, agogo athu akadali atsikana. Munali amayi atakhala pabwalo ndi malichero a mpunga, wina akupeta, wina atafumbata tambala. Koma onse maso anali kuthengo, ndipo panalibe woseka.

Tsiku lina aphunzitsi athu, a Chimenya, anachiloza ndi ndodo.

"Anthu awa akondwa kapena akhumudwa?"

"Ndi maliro, aphunzitsi," ndinatero ine.

"Maliro a yani, a tambalayo?" Kalasi yonse inafa nako kuseka. Mnyamata wina anati ndi ukwati, iwo n'kumufunsa ngati mkwatibwi anadyedwa ndi chiswe.

Ndiye anaimirira mnzanga Asiyatu, mwana wa Asilamu ogulitsa mpunga kwa Malemia. Sankayankhulayankhula mtsikana ameneyo.

"Akudikira ana awo kuti atuluke kusimba. Mpungawo ndi wachikondwerero, koma mtima uli m'mwamba, sakudziwa ngati mwana atuluka bwino."

A Chimenya anamwetulira. "Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Amayi anati ndi mmene anakhalira podikira ine chilimwe chathachi."

Anatiuza kuti timuombere m'manja, ndipo tinaomba. Komatu tonse tinkadziwa kuti pasukulupo sankalola mwana wovinidwa kumudzi. Ine ndinaomba ndikuyang'ana nkhope ya a Chimenya, osaimvetsa.

Lolemba pamalo pa Asiyatu panalibe munthu, ndipo sanabwerenso. Ena ankati a Chimenya anakamunenera kwa akuluakulu a mpingo. Ena ankati ayi, anamuchotsa ndi abambo ake, pokwiya kuti anatchula zakusimba pamaso pa anyamata. Nditamupeza kudambo akuingitsa mbalame mumpunga, anangondifunsa kuti, "Koma ndinakhoza, eti?"

Mpaka lero sindidziwa ngati funso lija linali phunziro kapena msampha. Mwina ngakhale mwini wake sankadziwa. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu ukamafotokoza chithunzi umaulula zakwanu, wofunsayo ali phee kumvetsera. N'chifukwa chake adzukulu akanditsegulira buku n'kumati, "Agogo, mukuonapo chiyani apa?" ndimayamba ndafunsa kuti wawatuma ndani.