Tsiku Limene Paulo Anayankha

Dzulo akukonza mjigo wathu kuno ku Mbulumbuzi ndinamva fungo la girisi, ndipo ndinakumbukira mzungu amene anadzakumba chitsime m'mudzi muno ndili kamtsikana.

Anali Mjeremani wowonda, wopanda zala zitatu zakuphazi. Amalume, omwe ankamugwirira ntchito, anati zinadyedwa ndi chisanu ku Rasha. Ine ndinkayesa chisanu chakumeneko ndi chilombo cha mano.

Masana alionse mzunguyo ankalowa m'munda mwathu mwa nandolo, n'kuima njo, n'kumaitana maina. Akatchula dzina ankadikira, koma kunkangomveka mphepo ikugwedeza makoko ouma.

Tsiku lina ine ndi mlongo wanga wamng'ono Paulo tinkathyola nandolo chapafupi, iye osationa. Anaitana maina atatu, kenako anati, "Paul."

"Wawa," anayankha Paulo.

Mzungu uja anagwa chogwada. Sanacheuke. Anayamba kulankhula chinenero chakwawo motsitsa mawu, ngati akupepesa munthu woima kumbuyo kwake. Tinathawa, dengu kulisiya pomwepo.

"Watenga dzina la mwana wanga," anatero amayi, ndipo Paulo sanatulukenso m'nyumba mpaka mzunguyo atachoka, chitsime chisanathe.

Nditakula ndinafunsa amalume. Anati pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mzunguyo anali m'gulu losankhika la akasinja, lotumizidwa kumene kwavuta. Kasinja wawo atayaka moto anatuluka yekha, anzake akumuitana mkatimo.

Ndimaganiza kuti zaka zonsezo ankaitana anthuwo akupemphera kuti asamuyankhe.