Kompyuta Imene Latif Anasiya

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, imvani za Ruweida wa pa Chifunga.

Tsiku limene anatuluka eda, miyezi ija mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba mwamuna akamwalira, anapita kukatsegula kashopu ka malemu mwamuna wake, Latif. Munali kompyuta imodzi yakalekale, yoikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Ndiyo inkadyetsa banja. Anadina batani. Fani inazungulira, makina analira ngati mwanapiye, kenako zii. Sikirini inangokhala bii.

A Yusufu, mkulu wake wa Latif, anali ataima pakhomo.

"Mlamu, ichi chafa pamodzi ndi mwini wake. Ogula zitsulo akadutsa ndichigulitsa, muno ndiikemo wa lendi. Inu mutenge mwana mubwerere kwanu ku Dambe."

Ku Dambe Ruweida analibe munda, analibenso mayi. Kubwerera kumeneko kunatanthauza kuti mwana wake Yasmin asiye sukulu. Musawade a Yusufu. Iwo anangonena mokweza zimene msika wonse unkanong'ona: mkazi wolephera Fomu 2 angadziwe chiyani za kompyuta?

Latif anali munthu wosadziwa kudikira. Poona mzere wa makasitomala tsiku la msika, anasintha malamulo a m'kati mwa makinawo kuti azithamanga kupitirira liwiro limene anapangidwira. Ankanyadira nazo. "Yangayi ndi nkhalamba, koma za ku Blantyre imazisiya kumbuyo." Iyenso ankakhala chomwecho, wosapuma, wosadya pa nthawi. Chifuwa anachinyalanyaza mpaka chinamutenga.

Ruweida anaimbira foni Constance, mnzake wa kusukulu amene amakonza mafoni ndi makompyuta ku Neno boma.

"Tsegula chibokosicho, undiuze zimene ukuona," anatero Constance.

Munali fumbi lofiira la mumsewu, ndipo mavu anali atamanga chisa pambali pa fani. Anachotsa zonsezo ndi nthenga ya nkhuku. Motsatira malangizo a Constance, anazula timapulanga ta memore, n'kutipukuta mano ake ndi labala ya Yasmin, n'kutibwezera. Kompyuta inayaka.

Chimwemwe chake sichinafike patali. Tsiku la msika, akukopera bambo wina vidiyo ya ukwati, sikirini inasanduka yabuluu, makina n'kuzima. Memore khadi ya bamboyo inawonongeka ndi ukwati wonse uli momwemo. Anamutukwana pamaso pa anthu, ndipo ena amene anali pamzere anabweza mafoni awo m'matumba. Ruweida anatseka chitseko, analira mpaka maso kutupa.

Ruweida ataimbanso, Constance anafunsa ngati bokosilo likutentha.

"Kwambiri. Koma ndimalifunditsa mkanjo wa bambo a Yasmin kuti fumbi lisalowe."

"Umalifunditsa likugwira ntchito? Iwe, ukuliphika."

Anauchotsa mkanjowo, ngakhale mtima unkakana. Kuona nsalu ija pamenepo kunkamuchititsa kumva ngati mwini wake wangotuluka kupita kumzikiti. Constance anatumiza pa kabaza kaphala kotuwa kopaka pa ubongo wa makina, poti kakale kanali katauma gwa. Ruweida anapaka. Zinathandiza pang'ono, koma vuto silinathe. Lero iyaka, mawa ikana. Nthawi zina inkayaka n'kudzizimitsa yokha isanaonetse kalikonse. Makasitomala anasamukira kwina. Kunyumba ankagonera phala lopanda shuga.

Tsiku lina Ruweida anatchula mwangozi za kunyada kwa Latif kuja. Constance atamva anati:

"Ndiye vuto ndi limenelo. Ili yatsopano inkapirira, pano yakalamba. M'katimo muli kabatire konga batani la jekete. Kazule, udikire pang'ono, ukabwezere. Iiwala zonse zimene bambo a Yasmin anaiuza, ibwerera pa liwiro lake."

"Iiwale?"

"Malamulo okhawo. Nyimbo sizichoka."

Ruweida anakana. Zovala za Latif, kupatula mkanjo uja, zinali zitagawidwa, njinga inatengedwa, foni inapita ndi achibale. Chotsala chimene manja ake anakonza chinali liwiro limeneli. Anayesa zina zonse kupatula icho: anasintha chingwe cha magetsi, anakupiza bokosi ndi katoni, anapukutanso timapulanga tija. Zonse zinakanika. Chisoni chimaumitsa mutu, abale anga, ndipo ine sindingamuseke.

Kenako lole ya ogula zitsulo inafika pamsika. A Yusufu analowa ndi thumba la saka.

"Mlamu, nthawi ndakupatsani."

"Alamu, khalani pabenchipo kaye."

Ruweida anagwada, nalowetsa chala m'bokosi. Kabatire kanatuluka mosavuta, kopepuka ngati kopanda ntchito. Anakafumbata m'manja, milomo ikunena dua yopempherera malemu. Anakabwezera, n'kudina batani.

Fani inazungulira. Kulira kumodzi. Panabwera zilembo zoyera zomuuza batani loti adine, anadina. Makina anadzuka pang'onopang'ono, ngati gogo akuchoka pamphasa. Nyimbo zonse zinalipo. Wotchi yokha ndiyo inabwerera ku chaka chakale, chaka chimene iye ndi Latif anali asanadziwane. Ruweida anaiyang'ana misozi ikutsika, kenako anaikonza yekha, n'kulemba tsiku lenileni.

A Yusufu anapinda saka lawo. "Ikuchedwatu masiku ano," anatero, n'kutuluka.

Inde, imachedwa. Koma sinazimenso. Yasmin ali pasukulu. Anthu a ku Nsambe amabwera ndi makompyuta awo odwala, ndipo Ruweida amayamba ndi funso limodzi: "Kodi munaithamangitsa?" Kasitomala akayamba kudandaula pamzere, amamuloza benchi. "Dikirani, bambo. Yothamanga ndinali nayo."

Inu amene chinthu chanu chikukana kudzuka, kaya ndi geni, kaya ndi moyo umene, mwina mwayesa zonse kupatula chimodzi chimene mukuchiopa. Gwadani, muchizule. Mudzayenda pang'onopang'ono, koma mudzayenda. Mtima wanu musautaye.