Nkhandwe ya ku Girrawheen siindithamangitsa pabwalo panga

Lachiwiri m'mawa, kuno ku Girrawheen komwe tikukhala kunja kuno, ndinatuluka kukapatsa nkhuku chakudya, n'kupeza nthenga zili mbwee pa kapinga. Thadzi langa lakuda, lija losaphonya kuikira, kulibe. Pamwamba pa fensi panali nkhandwe yofiira, ikundiyang'ana ngati wolowerera ndine.

Ndinaomba m'manja n'kukuwa mwamphamvu. Inadumpha, ulendo.

Amuna anga ali ku mgodi kumpoto, ndipo malamulo a mliriwu awatsekera komweko. Nditawaimbira anati, "Mai a Tadala, zichotseni nkhukuzo. Mwananso asamasewere panja mpaka ndibwere."

Asamasewere panja? Kutchalitchi sitikupita. Ndege za kumudzi kulibe. Maliro a malume ndinalirira pa foni. Kabwalo aka ndi dziko lokhalo lomwe lamutsalira mwana wanga, ndiye ndilipereke kwa nkhandwe?

Ndinakana.

Mnzanga wa ku Balga, Mai Zulu, anati, "Asisi, faka chabe poizoni mu nyama." Ndinakananso. Nanga akaidya galu wa eni? Nanga akaitola mwana?

M'malo mwake ndinapita ku Malaga kukagula waya wolimba. Ndinakumba mozungulira khola n'kumukwirira pansi, chifukwa nkhandwe imafukula. Manja anatuluka matuza, koma ndinamaliza ndekha. Nkhuku ndikuzitsekera dzuwa lisanalowe, bini ya zinyalala ndikutseka ndithu. Tadala ndamuuza kuti akaiona asaithamangire, asaithawe, akuwe basi.

Pokumbapo ndi pomwe ndinaona mbale ya chakudya cha galu kuseri kwa fensi. Aneba athu a kuseriko ndi bambo okalamba, amakhala okha, ndipo galu alibe.

Ndinawaitana, tinalankhula aliyense ali mbali yake.

"Chibwerere matendawa, nkhandwe imeneyi ndiye mlendo wanga yekhayo," anatero, maso ali pansi.

Chisoni chinandigwira, koma ndinawauza mosabisa. "Bambo, mlendo wanuyo wadya thadzi langa. Mukamudyetsa amasiya kuopa anthu, ndipo mapeto ake wina adzamupha. Ngati ndi alendo mukufuna, ife tilipo."

Mbale ija anaichotsa tsiku lomwelo. Pano madzulo aliwonse Tadala amakwera pa mpando n'kumacheza nawo pa fensi m'Chingerezi chawo cha kuno, chomwe ine ndimamva mwa apo ndi apo.

Abale anga, ife obwera tili ndi chizolowezi choipa. Chinthu chikangotiopseza timathamangira m'nyumba n'kukhoma, kapena timafuna kuchipha. Zoti tikagogode kwa aneba n'kufunsa, ayi, akuti tingaoneke ovuta m'dziko la eni. Koma nkhandwe siidziwa malire a mpanda. Iwe utseke bini, mnzako aziika mbale, mwapindulanji?

Nkhandwe ilipo ndipo siichoka. Inenso sindichoka, nkhuku zanga sizichoka, mwana wanga azisewera panja.

Inu amene mwatsekera ana m'nyumba chifukwa cha kanyama ka kuseri kwa fensi, munthu wa kuseri kwa fensi yomweyo mumamudziwa dzina?