Ndinamubatiza ndi Madzi a Matope

Mwana wanga woyamba anabadwa mvula ili pakati, m'zaka zoyambirira za matipate, kwathu kuseri kwa Msakambewa kumene mapiri a Dowa amakagundana ndi a Ntchisi. Anali wamwamuna, wamakutu oima ngati a bambo wake.

Bambo wakeyo panalibe. Masiku amenewo aliyense ankaimba za ufulu, ndipo iye ufulu anaumva kuti ndi kukwera malole a chipani, kukavina kumisonkhano, n'kubwera atavala malaya a nkhope ya mwamuna mnzake, m'manja mulibe ngakhale kamchere. Anali mkamwini wochokera ku Ntchisi, wokoma pakamwa zedi. Mimba itaoneka kale ndi pamene anandiuza kuti kwawo anasiya mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi. Choncho ukwati wathu sukanadalitsidwa, ndipo ine, amene ndinakulira m'kwaya, ananditsekera masakramenti. Pa Misa anzanga akamapita kutsogolo kukalandira, ndinkatsala pabenchi n'kumayang'ana zala za kumapazi. Zinkandiwawa, komanso ndinkakwiya kwambiri, chifukwa wonama anali iye koma wolangidwa ndinali ine.

Kwathu mwana akabadwa, mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Timati ali m'chikuta. Mwamuna salowamo. Aliyense amene amagona ndi mnzake wa m'banja amati ndi wotentha, sakhudza mwanayo. Dzina sapatsidwa kufikira atatuluka. Ndipo akamwalira asanatuluke, anthu sanena kuti kwagwa maliro. Amati ndi kansenye. Amayi achikulire okha amamukulunga m'kansalu n'kukamuika m'kadzenje kosaya kumphepete kwa manda, popanda bokosi, popanda nyimbo, popanda uthenga wopita kumidzi ina. Mayi wake saloledwa kulira mokweza, ati angatseke mimba osadzaberekanso. Ndinaonapo mnzanga wina akuluma chitenje kuti mawu asatuluke, mawa lake n'kupita kudambo kukatunga madzi ngati palibe chachitika.

Masiku oyamba mwana wanga ankayamwa ngati wabwera ndi njala ya kumene anachokera. Kenako m'mawa wina anakana bere. Ndikamuika, kakamwa kali gwa, osatseguka. Timanja anafumbata, ndipo chitseko chikangolira thupi lonse linkauma n'kupindikira kumbuyo. Lero ndikudziwa kuti anali kafumbata, matenda olowera pamchombo. Tsiku limenelo amayi anga anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi tsempho.

"Wamusempha ndi bambo wake uyu," anatero. "Kumisonkhano kwakeko ukuganiza kuti amagona yekha?"

"Amayi, kaitaneni akatekisiti adzamubatize."

"Iwe, usandilaulire mwana! Wamuona kuti wafa?"

"Sakuyamwa, amayi. Taonani mmene akuumira."

"Nanga akatekisitiwo si mwamuna? Ali ndi akazi awo, ngotentha. Alowe muno adzamutsirize? Khala pompo. Ndikukatenga mankhwala kwa amalume ako."

Musaganize kuti amayi anali achikunja. Kolona sinkachoka m'khosi mwawo, ndipo kumapemphero a kumphakati ndiwo ankayambitsa nyimbo. Koma pa nkhani ya chikuta, malamulo a ku Roma ankathera pakhomo. Amalume amene ankawanenawo ndi mlongo wawo, mwini mbumba yathu, munthu wa gule amene sanapondepo m'tchalitchi. Ife ankatitcha anthu a belu, koma mizu ankaidziwa, ndipo pa za banja mawu omaliza anali awo.

Amayi atachoka ndinatsala ndekha ndi mwana m'kanyumba ka utsi. Ndinayesa kufinyira mkaka pamilomo pake, unangoyenderera patsaya. Pamenepo ndinadziwa mumtima kuti mwanayu akupita. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri si imfa yokha ayi. Chinali choti apita ngati sanabwere: wopanda dzina, wopanda ubatizo, wotayidwa mwakachetechete ngati chinthu chochititsa manyazi, ine n'kuluma chitenje. Ndinamunyamula miyezi yonse ija ndikupalira fodya, ankandiponda m'nthiti, ndinkalankhula naye. Wina andiuze kuti ameneyo sanali munthu?

Ndinadzuka, ndinamubereka kumsana, n'kutsegula chitseko. Maganizo anga anali oti ndikafike kumsewu, ndikapemphe galimoto iliyonse indifikitse kuchipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Kumeneko kuli jakisoni, ndipo jakisoni akalephera kuli asisitere odziwa kubatiza. N'kutali, ndipo ndinalibe kalikonse m'manja, koma sindinaganize zimenezo.

Amayi ena amene ankathyola fodya m'mbali mwa njira anaweramuka atandiona.

"Aka! Si uja ali m'chikuta uyu? Mchombo wagwa liti?"

"Wapenga mwanayu! Bwerera iwe, umupha mwana ndi mphepo!"

Ndinangopitirira. Thupi langa linali lisanapole, ndinkayenda motagaza, ndipo pokwera chitunda maso ankachita mdima. Ndinkati ndikayenda pang'ono ndiime, ndimvetsere ngati kumsana kukupuma.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu pali mtsinje umene chilimwe ana amaulumpha. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Kumapiri inali itagwa yambiri, ndipo ndinapeza madzi ofiira akusefukira, atakokolola mitengo imene tinkawolokerapo. Ankadutsa ndi mapesi, nthambi, ngakhale nthochi yathunthu ndi mizu yake. Tsidya lina kunali anthu angapo atakhala pa katundu wawo kudikira kuti aphwe. Ndinawakuwira, iwo n'kumangondikupizira manja kuti ndibwerere. Ndinathamangira kumtunda kufuna posaya, ndinabwerera kumunsi, konse kunali chimodzimodzi. Ndinalowetsa mwendo umodzi, madzi n'kundikoka ngati munthu, ndinagwira udzu n'kutuluka.

Nthawi yomweyo mwana anauma kumsana kwanga mwamphamvu kuposa kale, kenako anafewa. Ndinamutsitsa. Milomo inali itada, maso atatembenuka.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinagwada n'kupemphera mwaulemu monga anatiphunzitsira. Ayi, ndinakalipa. Ndinamuuza Mulungu kuti ngati mlandu ndi wa ukwati, alange ine, mwanayu walakwa chiyani? Ndinamufunsa ngati mtsinjewu anaudzazira dala. Ndinamukumbutsa zaka zonse zimene ndinamuimbira m'kwaya mpaka mawu kusasa. Ndinalankhula zinthu zoti amayi akanamva akanandigwira pakamwa. Kumwamba kunangoti zii, madzi n'kumapita.

Ndili m'kukalipa momwemo, mawu a katekisimu anabwera okha, monga tinkawaimbira tili ana pansi pa mtengo wa mango: pa ngozi ya imfa, munthu aliyense angathe kubatiza. Tinkawaloweza kuti tipambane mayeso basi, osaganiza kuti tsiku lina adzatifuna. Aliyense. Ndinadzifunsa kuti, ngakhale ine wotsekeredwa? Ine amene sindiloledwa kutambasula lilime pamaso pa ansembe, manja anga omwewa angatsegulire mwana khomo la kumwamba? Ndinachita mantha kuti mwina ndikuwonjezera tchimo pa tchimo. Komanso madziwo anali matope okhaokha, pamene a m'tchalitchi amakhala oyera, odalitsidwa. Koma panalibe wina, panalibe madzi ena, ndipo nthawi inali itatha.

Ndinagwada m'matope, mwana ndinamugoneka pamwendo, ndinatunga ndi chikhato. Ndinamutchula dzina limene ndinalisunga mumtima kuyambira ndili ndi pakati, limene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinati ndikukubatiza m'dzina la Atate, n'kuthira. Ndi la Mwana, n'kuthira. Ndi la Mzimu Woyera, n'kuthiranso. Madzi anayenderera pamphumi n'kusiya timchenga m'tsitsi. Ndinayang'anitsitsa paliwombo, ndipo panali pakugunda, pang'onopang'ono. Panagunda kanthawi ndithu ine ndikumuuza kuti ndine mayi wake, kenako panasiya.

Anthu amakonda kunena za chikhulupiriro ngati chinthu chozuna, chobweretsa mtendere mumtima. Mwina kwa ena chimatero. Ine tsiku limenelo mtendere sindinauone, ndipo mwana sanachire. Chimene ndinapeza n'chakuti pamene mwamuna, amayi, mtsinje ndi mpingo womwe zinanditsekera njira, panatsala Mmodzi amene ndikanatha kumukalipira komanso kumupatsa mwana wanga m'manja. Ndinali wokwiya naye, koma kunalibe kwina kopita. Kwa ine chikhristu ndi chimenecho.

Sindinalire. Ndinamuberekanso kumsana ngati wamoyo n'kubwerera kumudzi. Pofika ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, chifukwa amayi a kufodya aja anali atafalitsa kale. Amalume analipo, mizu ili m'manja. Amayi anandithamangira, anasuzumira kumsana, n'kugwira pakamwa. Amayi achikulire awiri, amene ntchito yotaya tiana ndi yawo, anayandikira ndi kansalu.

"Bwera naye kuno, mwanawe. Zachitika basi. Usalire, wamva?"

Ndinakhala pansi pakhonde, ndinamutsitsa n'kumukumbatira pachifuwa.

"Simumutenga. Uyu si kansenye. Ndi mkhristu, ali ndi dzina."

"Mkhristu? Wamubatiza ndani?"

"Ine."

Wina kumbuyo anaseka. Koma chimene chinandilasa ndi mawu a amayi anga enieni. "Iwe? Iwe amene sulandira n'komwe? Usatichititse manyazi kawiri patsiku limodzi. Pereka mwanayo."

Anayesa kundimasula manja. Ndinawauza kuti amene akufuna mwanayu ayambe wadula manja angawa, apo ayi akandiike naye limodzi m'kadzenje kawoko. Ndikukhulupirira kuti ndinkaoneka ngati wamisala ndithu, matope mpaka m'chiuno, mkaka ukudontha pabulauzi.

Phokosolo linafika kwa akatekisiti, bambo wachikulire wodekha amene anatiphunzitsa tonse katekisimu. Anabwera akukankha njinga, n'kuima patali pafupi ndi nkhokwe, posafuna kuti wina adzati aswa mwambo. Anandifunsa mokweza kuti aliyense amve.

"Mwana wanga, unathira madzi pamutu?"

"Eya, a mumtsinje. Anali a matope."

"Matope alibe kanthu, madzi ndi madzi. Unanena mawu ati?"

Ndinawabwerezera.

"Anali akadali moyo?"

"Paliwombo pamagunda, bambo. Ndinaona ndi maso angawa."

Anavula chipewa. "Ndiye kuti mwanayu ndi mkhristu ngati ine ndemwe. Ngakhale bambo mfumu akanabwera, sakanawonjezerapo kanthu. Ife a mpingo tili okonzeka kumuimbira ndi kumuperekeza. Koma maliro ali ndi eni ake. Anene ndi eni mbumba."

Maso onse anapita kwa amalume. Munthu wa gule avomereze za anthu a belu? Anaika mizu ija pansi, anakhala pa mpando wawo wachikopa, n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, ukudziwa chimene ukupempha? Makolo sanali opusa. Ukamulira mwana ameneyu, mimba itseka. Udzakalamba wopanda wokutungira madzi."

"Itseke, amalume."

"Ukunena chifukwa cha ululu wa lero."

"Ndikunena chifukwa uyu ndiye ndili naye. Enawo sindikuwadziwa. Uyu ndamubereka, ndamuyamwitsa, ndamupereka kwa Mulungu. Musamutaye ngati chinthu, amalume, ndakugwirani mwendo."

Mmodzi wa amayi achikulire aja anayamba kunena kuti zoterezi sizinachitikepo pamudzi pano, kuti matipate awa atisokonezera ana. Amalume anamudula mawu pokweza dzanja.

"Za madzi anuzo ine sindizidziwa," anatero poyang'ana akatekisiti. "Koma chimodzi ndikuchidziwa. Kansenye sikakhala ndi dzina. Amene waitanidwa ndi dzina ali moyo, wamva, ameneyo ndi munthu. Tikamutaya mwakachetechete adzatifunsa."

Anatembenukira kwa amuna amene anaima kumbuyo. Anauza ena kuti atenge makasu apite kumanda akakumbe manda enieni, wina akafune matabwa, awiri akonzeke kukanena uthenga kumidzi ndi ku Ntchisi kwa abale a bambo wake. Kenako anabwera kudzanjuta patsogolo panga, munthu amene sindinamuonepo akutsikira mwana wamkazi, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Nanga anthuwa akakafika kumeneko, akanene kuti wamwalira ndani?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo dzina la mwana wanga linatuluka pamaso pa mudzi wonse. Amalume analibwereza mokweza kuti otumidwawo alimve bwino. Amene anayamba kulira anali amayi, akumuitana mdzukulu wawo ndi dzina lomwelo, ndipo ine ndinawatsatira ndi mawu anga onse.